Mwana wagwidwa ndi nyaope ndi mawaya a kopa: asathamangire kuvomera mlandu

Mayi, mwandilembera kuti mwana wanu wa zaka 22 wamangidwa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, atapezeka ndi timapaketi tiwiri ta nyaope (mankhwala ozunguza bongo amene amasuta) ndi mawaya a kopa m'chikwama, ndipo mukufunsa ngati kuvomera mlandu kungamutulutse msanga. Chonde, asavomere kapena kusayinira chilichonse asanaonane ndi loya.

Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limateteza aliyense womangidwa, mbadwa ndi mlendo yemwe, ngakhale amene mapepala ake anatha. Ali ndi ufulu wokhala chete. Ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera Loweruka kapena Lamlungu, akaonekere tsiku loyamba limene khoti litsegule. Ngati ndalama palibe, a Legal Aid South Africa amapereka loya kwaulere. Apemphenso womasulira m'Chichewa, asamangogwedeza mutu pa Chingerezi chimene sakuchimva bwino.

Milandu ilipo iwiri, ndipo umene ukundidetsa nkhawa kwambiri ndi wa mawayawo. Mu nyaope muli heroin, choncho kupezeka nayo ndi mlandu pa lamulo la mankhwala ozunguza bongo la 1992. Chigamulo cha khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dziko cha 2018, chimene chinalola kusuta, chinakhudza chamba chokha, chimene munthu wamkulu akusuta kwayekha. Koma zikapezeka kuti mawayawo anadulidwa pa magetsi kapena pa njanji, lamulo la 2015 loteteza zipangizo zofunikira za dziko limalola chilango chofika zaka 30, ndipo belo yake apolisi sangapereke, imaperekedwa ndi khoti lokha. Kunena kuti mutu wake sunkayenda bwino chifukwa cha mankhwala sikungamupulumutse.

Komabe ngati ali ndi chizolowezi chosuta nyaope, musachibise kwa loya wake. Makolo ambiri amachita manyazi, n'kutaya chinthu chimene chikanawathandiza. Nyaope ikatha m'thupi, munthu amapotokola m'mimba, amatuluka thukuta, tulo osabwera, ndipo amagulitsa chilichonse chimene dzanja lafikira kuti apeze yosuta ina. Ndende payokha sichiza zimenezi. Gawo 296 la Criminal Procedure Act, lamulo la kazengedwe ka milandu, limapatsa khoti mphamvu yotumiza wolakwa kumalo ochizira chizolowezi m'malo mwa chilango china. Si ufulu wongoutola, khoti limayang'ana kukula kwa mlandu, n'chifukwa chake loya apemphe lipoti la ofisala woona za umoyo wa olakwa. Inunso pitani ku SANCA, bungwe lothandiza anthu amene anazolowera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mukafunse za chithandizo, kuti khoti lione kuti banja layamba kale kuchitapo kanthu.

Chinanso n'chakuti mlendo akapezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwalawa, lamulo loona za olowa ndi otuluka la 2002 likhoza kumuletsa kukhala kapena kubwereranso m'dziko lino. Pa tsiku lopempha belo, mutenge pasipoti yake, umboni wa kumene amakhala, monga kalata ya eni nyumba, ndi kalata ya kuntchito ngati amagwira.