Woyang'anira malo a nyama zakutchire amalandira zingati? Yankho kwa amalume a ku Furancungo

Kalata ya sabata ino yachokera ku Furancungo, m'boma la Macanga. Olembawo ndi bambo amene akulipirira sukulu mwana wa mlongo wawo. Mnyamatayo wamaliza kalasi 12 ndipo wanenetsa kuti akufuna kuphunzira zosamalira nyama zakutchire, kuti tsiku lina adzakhale mkulu woyang'anira paki kapena dera losakirako nyama. Amalumewo mtima wawo uli ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Akufunsa kuti ntchito ya nyamayi imalipira zingati, ndiponso chimene chimachititsa kuti wina azilandira zambiri pamene mnzake akulandira zochepa.

Zikomo bambo polemba. M'dziko muno la Mozambique ntchito imeneyi ilibe mtengo umodzi. Anthu awiri akhoza kumatchedwa shefi onse, onse akuyang'anira alonda a nyama aja timawatcha mafisikale, onse akugona kutchire, koma pakutha pa mwezi wina n'kulandira ndalama yoposa ya mnzake kangapo. Dzina la udindo silinena kanthu. Chimene chimagamula ndi amene wasayina kontarakiti yake ndi kumene ndalama za malowo zimachokera. Olemba ntchito alipo amitundu itatu: boma, mabungwe othandizana ndi boma kuyendetsa mapaki, ndi makampani a alenje olipira.

Tiyambe ndi pansi penipeni, chifukwa pamenepo inu simukunama. Chaka ndi chaka boma limakhala pansi ndi olemba ntchito komanso mabungwe a ogwira ntchito n'kuika malipiro otsikitsitsa a gawo lililonse. Ulenje adauika pamodzi ndi ulimi, ziweto ndi nkhalango. M'gawo limenelo malipiro otsikitsitsa adali mametikali 5,800 pamwezi mu 2023, ndipo adakwera kufika 6,338 mu 2024. M'chaka chomwecho cha 2024, wa m'migodi ikuluikulu sankayenera kulandira zochepera mametikali 14,000. Ndiye mnyamata wolowera pachipata cha mgodi wopanda pepala lililonse amayamba ndi ndalama yoposa kawiri ya mnzake wolowera pamsasa wa alenje kukatunga madzi, kusenda zikopa kapena kulondola mapazi a nyama. Ngati mphwanuyo akuganiza zongopita kutchire ndi kalasi 12 yokhayo n'kukhala pomwepo, Moatize wapambana.

Koma iye akunena za uyang'aniri, ndipo nkhani yake ndi ina.

Mapaki a boma ali m'manja mwa ANAC, nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa imene idakhazikitsidwa mu 2011. Kuno ku Tete tili ndi paki ya Mágoè, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, imene boma lidaikhazikitsa mu 2013 ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 3,500. Wolembedwa ndi boma kumeneko amalandira motsata TSU, ndondomeko imodzi ya malipiro a ogwira ntchito m'boma imene idayamba mu 2022. Ili ndi masitepe 21, ndipo mu 2023 sitepe yotsikitsitsa idali mametikali 8,758. Pamene munthu waikidwa pamadalira maphunziro ake, mtundu wa ntchito imene adalembedwera ndi zaka zimene watumikira. Wa digiri amayambira pamwamba kuposa wa maphunziro apakati, ndipo akapatsidwa udindo wotsogolera pamakhala ndalama yoonjezera ya udindowo. Mukafuna kudziwa kuti mkulu wa paki ya boma ali pati, yang'anani akuluakulu ena a boma a maphunziro ofanana naye ku ulimi kapena ku nkhalango m'boma lanu lomwelo, sasiyana kwambiri. Njovu zichuluke kapena zichepe, alendo abwere kapena asabwere, malipiro ake ndi omwewo. Ubwino wake ndi penshoni ndiponso kuti ntchito siitha ndi mvula. Kuipa kwake n'kwakuti malo ndi ochepa, amalowa kudzera m'mpikisano wa boma umene sutsegulidwa kawirikawiri, ndipo madandaulo amene aphunzitsi ndi madotolo akhala akupereka pa TSU mudawamva nokha.

Ndalama zonona zili kwa olemba ntchito achiwiri. Mu 2008 boma lidasayinirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Greg Carr, wa ku America, loyendetsera limodzi paki ya Gorongosa, ndipo mu 2018 adalionjezera zaka zina 25. Ku Niassa boma lakhala likugwira ndi Wildlife Conservation Society kuyambira 2012, ku Zinave ndi Peace Parks Foundation kuyambira 2015, ku Bazaruto ndi African Parks kuyambira 2017. Mabungwe amenewa bajeti yawo imabwera m'madola ndi mayuro, ndipo akafuna munthu woyendetsa ntchito zoteteza nyama kapena woyang'anira mapulojekiti amalimbirana anthu omwewo ndi mapaki a ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. N'chifukwa chake pamaudindo apamwamba amalipira kuposa boma, n'kuonjezerapo nyumba, galimoto yantchito ndi chithandizo cha kuchipatala. Onani komabe kuti malo onse ndatchulawa ali kunja kwa Tete: Sofala, Niassa, Inhambane. Mwana wofuna ndalama imeneyi akonzeke kukakhala kutali ndi kwawo. Ndiponso makontarakiti ake amakhala a nthawi yoikika, omangidwa ku pulojekiti. Pamene boma la America lidatseka USAID, bungwe lake lopereka thandizo kumaiko ena, mu 2025, ntchito zambiri zodalira ndalama zimenezo zidagwedezeka m'dziko muno, za umoyo ndi za chilengedwe zomwe.

Achitatuwa ndiwo tili nawo pafupi, choncho ndikhalapo pang'ono. Ku Tete ulenje wolipira udamangika pa Tchuma Tchato, ndondomeko imene idayambira ku Bawa, kufupi ndi malire a Zimbabwe ndi Zambia, chapakati pa zaka za m'ma 1990, potengera CAMPFIRE, ndondomeko ya ku Zimbabwe yogawira anthu a m'midzi phindu la nyama zakutchire. Kampani imapatsidwa dera, boma limaipatsa chiwerengero cha nyama zimene ingaphe chaka chimenecho, alendo ochokera ku America ndi ku Ulaya amalipira masiku amene agona pamsasa komanso nyama iliyonse imene awombera: njati, mvuu, ng'ona, nyalugwe, nthawi zina njovu. Pansi pa Tchuma Tchato anthu a m'midzi adalonjezedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a misonkho imeneyi, pamene kwina konse m'dziko lamulo la 2005 limapereka 20 peresenti.

Malipiro a woyang'anira dera lotere amatsata chiwerengero chija. Dera lokhala ndi njati zambiri ndi chilolezo cha nyalugwe limakopa alendo a thumba lolemera, ndipo mwini kampani amatha kulipira bwino munthu womusungira malowo. Dera limene nyama zidatha ndi makhwekhwe, kapena limene anthu alowamo kulima, kuwotcha makala ndi kukumba golide, limabweretsa zochepa, ndipo woyang'anira wake amalandira zochepa ngakhale ntchito yake ndiyo yowawa kwambiri. Izi n'zopanda chilungamo koma ndi mmene zilili. Pamwamba pa malipiro apamwezi pamakhala chakudya, pogona ndi ndalama yothokoza imene mlendo amasiya pochoka, kawirikawiri m'madola. Pamene dola imodzi yakhala ikusinthidwa ndi mametikali pafupifupi 64 kwa zaka zingapo tsopano, ndalama yothokozayo imaoneka yaikulu m'manja. Ndiyo imene anyamata amaiona mnzawo akabwera kumudzi ndi njinga yamoto yatsopano. Koma siilembedwa m'kontarakiti, siiwerengedwa pa penshoni, ndipo mlendo woumira akhoza kungogwira chanza n'kukwera ndege.

Nyengo yosaka imatsegulidwa mu April n'kutsekedwa kumapeto kwa November. Makampani ena amasunga woyang'anira ndi mafisikale chaka chonse, popeza opha nyama mozembera sapuma nthawi yamvula. Ena amalipira mokwanira miyezi ya ulenje yokha. Inu a ku Macanga mukudziwa ndalama ya fodya, imene imabwera pamodzi n'kuoneka yambiri, koma iyenera kufika mpaka msika wina. Werengani chimodzimodzi. Tingoyerekeza: wina akulandira 30,000 pamwezi kwa miyezi 8, ndiye kuti pachaka wapeza 240,000, imene mukaigawa pa miyezi 12 ikukhala 20,000. Mnzake wa 22,000 wolandira chaka chonse wamuposa, chikhalirecho pamwezi amaoneka wotsika. Chaka cha 2020 chidaonetsa poyera kufooka kwa ntchito imeneyi. Covid-19 itatseka malire, alendo sadabwere, ndipo zidatengera BIOFUND, bungwe losunga thumba la ndalama zosamalira chilengedwe m'dziko muno, kutsegula thumba ladzidzidzi lothandiza kulipira mafisikale kuti asachoke kutchire.

Pali china chimene ambiri amanong'ona koma sachilemba. M'makampani ambiri a ulenje, maudindo apamwamba, makamaka a mlenje wotsogolera alendo ndi woyang'anira msasa, akhala m'manja mwa anthu ochokera ku Zimbabwe ndi South Africa, ndipo ana a kuno amathera pa kulondola mapazi. Mbali ina ndi kukondera, sindikana. Mbali ina n'njakuti anthuwo amabwera ndi zinthu zimene mwini kampani amazilipira: Chingerezi cholankhula ndi mlendo pamoto usiku, chiphaso cha ulenje, luso lokonza galimoto ya Land Cruiser itafera pakati pa tchire la mitsanya, kulemba maakaunti, komanso alendo awoawo amene amawatsata chaka ndi chaka. Zonsezi kupatula chomalizacho zimaphunzirika. Ndipo mwana wa ku Macanga kapena ku Angónia ali ndi chimene wantchito wochokera ku Bulawayo alibe. Chipwitikizi adachiphunzira kusukulu, ndiye akhoza kulemba malipoti a boma ndi kuima pamaso pa woweruza. Chichewa chake chimamvana mosavuta ndi Chinyungwe ndi Chinsenga cha ku Marávia ndi Zumbo. Chingerezi chili pafupi, kungodumpha malire a Malawi kapena Zambia. Munthu wa zilankhulo zitatuzi amene amadziwanso nyama ndi wosowa, ndipo wosowa ndiye amatchula mtengo.

Mumuuze mphwanuyo kuti woyang'anira nyama nthawi yake yambiri amathera pa anthu. Njovu zikadya chimanga cha mudzi wonse usiku umodzi, ng'ona ikagwira msodzi kapena mayi wotunga madzi m'mbali mwa Cahora Bassa, amene amakakhala pabwalo pamaso pa mfumu ndi anamfedwa ndi iyeyo. Mafisikale akagwira munthu ndi minyanga, iye ndiye aonetsetse kuti umboni walembedwa bwino, poti lamulo la 2014 losamalira zachilengedwe, m'mene adalikonzera mu 2017, limapereka zaka 12 mpaka 16 kundende kwa wopha nyama yotetezedwa, ndipo mlandu waukulu chotero umagwa msanga mapepala akalakwika. Pamakhalanso mafuta a galimoto, ufa wa alonda, mfuti zowerengedwa, misewu yokonza mvula ikatha. Malipiro amakwera molingana ndi kuchuluka kwa anthu, ndalama ndi katundu amene mwini ntchito angamusiyire munthu osagona ndi nkhawa. Wodziwa mayina a mbalame zonse koma wosatha kusunga malisiti amakhalira pomwepo.

Za sukulu mwachidule. Ku Manica kuli Instituto Superior Politécnico de Manica kumene amaphunzitsa zokopa alendo ndi kasamalidwe ka nyama zakutchire. Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo ili ndi maphunziro a nkhalango ndi a sayansi ya zamoyo. Pafupi ndi ife, ku Dedza, kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, koma pepala lakunja liyenera kuvomerezedwa kaye ndi boma lathu asanalowe nalo mpikisano wa ntchito. Otchuka m'chigawo chino cha Africa ndi koleji ya Mweka ku Tanzania, imene idatsegulidwa mu 1963, ndi Southern African Wildlife College pafupi ndi Kruger. Kumeneko ambiri amapita atatumizidwa ndi owalemba ntchito, si ndi ndalama ya amalume. Gorongosa nayo idayamba maphunziro a digiri yachiwiri mu 2018 a ana a m'dziko muno.

Tsiku limene adzapatsidwe kontarakiti, asadzangoyang'ana nambala yaikuluyo. Afunse ngati ndalamayo ndi yochotsa kale msonkho kapena ayi, poti IRPS, msonkho wa pa malipiro, imayambira pa 10 peresenti n'kumakwera mpaka 32 kwa olandira zambiri. Kwa olembedwa ndi kampani kapena bungwe, INSS, thumba la penshoni ya ogwira ntchito, imadula 3 peresenti pamalipiro ndipo bwana amaonjezera 4. Adzapite yekha kukaona ngati dzina lake likulipiridwadi, chifukwa kudula n'kosavuta koma kupereka ena amaiwala dala. Afunse za miyezi yamvula, za masiku opuma ndi amene alipire ulendo wobwerera kumudzi, za amene adzamunyamule akalumidwa ndi njoka kapena akadwala malungo kutali ndi chipatala. Akadzakwatira adzasunga makomo awiri, chifukwa kumisasa yambiri kulibe sukulu, ndipo zimenezo zimadya gawo lalikulu la zimene amaoneka ngati wasunga posalipira lendi.

Mukadandifunsa ine chochita chaka chino, ndikadati musamuletse koma musathamangirenso kulipira digiri. Atenge kaye chiphaso choyendetsera galimoto, akhale miyezi ingapo pagaraja, alimbikire Chingerezi, ndipo April ikamayandikira akafunse ntchito iliyonse pamsasa wina ku Marávia, Zumbo kapena Mágoè, ngakhale ya malipiro otsikitsitsa aja. Kutentha kwa chigwa cha Zambezi mu October n'kosiyana kutalitali ndi mphepo ya ku Furancungo, ndipo ena amathawa nyengo isanathe. Akabwerako mu December akufunabe, pamenepo mulipire sukulu ya ku Manica, ndipo akamamaliza adzayang'ane mwayi wophunzira ntchito umene BIOFUND imapereka kwa achinyamata m'mapaki.