Mwana wanga akufuna kuphunzira Chijapani: ayambire pati?

Funso: "Mwana wanga wamkazi walemba MSCE ndipo akudikira zotsatira. Tsiku lonse amakhala pa foni kumvetsera Chijapani, akuti akufuna kudzaphunzira ku Japan. Ine ndikuona ngati akungomaliza mabandulo. Kodi chinenero chimenechi munthu angachiphunzire ali pakhomo?" Mayi wa ku Mchinji

Mayi, musamuletse. Miyezi yodikira zotsatira ndi yambiri, ndipo mwana amene wadzipezera yekha chochita chaphindu ndi wofunika kumulimbikitsa. Chomwe chikusowa ndi dongosolo, chifukwa kungoonera mavidiyo sikungamufikitse patali.

Pa katchulidwe, mwana wanu ali ndi mwayi umene Angelezi alibe. Chijapani chili ndi mavawelo asanu, a, i, u, e, o, ofanana ndi athu, ndipo mawu ake ambiri amathera pa vawelo monga Chichewa. Angosamala ndi kutalika kwa mawu: obasan ndi azakhali, pamene obaasan, kukoka "a" pang'ono, ndi agogo aakazi.

Ntchito yaikulu ili pa zilembo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera mphwayi. Ajapani amasakaniza mitundu itatu m'chiganizo chimodzi. Hiragana ili ndi zilembo 46, katakana 46 zolembera mawu obwereka ndi mayina akunja, kenako kanji, zochokera ku China, zomwe mndandanda wa boma wa 2010 uli nazo 2,136. Nambalayi isamuopseze. Ana a ku Japan enieniwo amatha zaka 6 za pulaimale akuphunzira kanji 1,026. Iye ayambe ndi hiragana basi, zilembo zisanu patsiku. Mumugulire kope ndi pensulo, azilemba ndi dzanja motsatira ndondomeko ya mizere, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, kumanzere kupita kumanja. Pakatha milungu iwiri kapena itatu ayenera kumawerenga, ngakhale mojejema. Ndikutsindika chinthu chimodzi: asiye msanga kulemba Chijapani ndi zilembo zathuzi. Wophunzira amene wazizolowera amavutika zedi akafika pa mayeso, popeza mafunso ake amalembedwa m'zilembo za Chijapani zokhazokha.

Zophunzirira zaulere zilipo. Bungwe la Japan Foundation lili ndi buku la Irodori lomwe angalitsitse kamodzi pamodzi ndi mawu omvetsera, n'kumaligwiritsa ntchito popanda intaneti. Wailesi ya NHK World ilinso ndi maphunziro afupiafupi otchedwa Easy Japanese. Asankhe chimodzi, achimalize. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi Loweruka lokha.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri, yomwenso inu mungamuthandize, ndi ya ulemu. Ku Japan ulemu uli m'kati mwa galamala mwenimweni. Mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, ndipo mathero akewo ndi amene amaonetsa ngati ukulankhula ndi mnzako kapena wamkulu. Mwana amene anakula akudziwa kuti kwa akulu sanena "iwe" koma "inu" sadzadabwa nazo. Ayambe ndi kalankhulidwe kaulemu kothera ndi -masu ndi desu. Chijapani cha m'makatuni, chomwe achinyamata ambiri amayambira, nthawi zambiri ndi cha anthu ozolowerana kapena okangana, ndipo kuchilankhula kwa mphunzitsi ndi chipongwe. Potchula munthu awonjezere -san kumapeto kwa dzina la bambo, kwa mphunzitsi kapena dokotala anene sensei, koma pa dzina lake lomwe asaikepo -san.

Miyambo ina aiyesere pakhomo pompo. Popereka moni amawerama m'malo mogwirana chanza. Nsapato zimavulidwa pakhomo, n'kuzitembenuza kuti ziyang'ane kunja. Asanadye amati itadakimasu, akamaliza gochisousama. Timitengo todyera sazika chilili mumpunga, ndiponso sapatsirana chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa tinzake, chifukwa zonse ziwirizi zimachitika pa maliro. Ndipo nthawi ndi nthawi: msonkhano wa 9 koloko munthu amafika isanakwane. Chizolowezi chimenechi achiyambe lero, pa zinthu za m'nyumba mwanu.

Tsopano za ulendowo, ndipo pano ndinene mosabisa. Mayeso odziwika a chinenerochi ndi JLPT, oyambira N5 kukafika N1, olembedwa mu July ndi December m'mizinda yosankhidwa. N5 imafuna kanji pafupifupi 100 ndipo wolimbikira angaifike m'chaka chimodzi, koma payokha siimupatsa malo kuyunivesite. Thandizo la boma la Japan la MEXT limalengezedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, ndipo osankhidwa a digiri yoyamba amatha chaka chathunthu akuphunzira Chijapani akafika kumeneko. Choncho chimene chimalemera posankha ndi magiredi, makamaka masamu, Chingelezi ndi sayansi kwa ofuna uinjiniya kapena udokotala. Malo ndi ochepa. Zotsatira zikatuluka alembetsenso m'mayunivesite akuno, popeza mwayi wa digiri yachiwiri, monga wa ABE Initiative umene unayambitsidwa mu 2013, umafuna munthu amene ali kale ndi digiri. Wina akabwera kudzakuuzani kuti mupereke ndalama amupezere malo a MEXT, mukane. Mafomu amapita kwa kazembe popanda mkhalapakati.

Ajapani ongodzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena pa chitukuko, akhala akubwera m'Malawi kuyambira 1971, ena kudzaphunzitsa m'masukulu, ena kudzathandiza m'zipatala. Ngati kwanuko alipo, mupite naye akadzidziwitse m'ziganizo zitatu: dzina lake, kumene amachokera ndi chimene akufuna kuphunzira. Mwezi uno ntchito yake ikhale hiragana ndi ziganizo zitatuzo, ndipo Lamlungu lililonse muzimupempha kopelo muone mmene likudzalira.