Kupalasa njinga ku Olvera: poyambira, pobwerera ndi zitunda zoyenera kuzipewa

Mayi ena atilembera kalata. Iwo, amuna awo ndi mwana wawo wa zaka 12 akukacheza masiku atatu ku Olvera, kum'mwera kwa Spain, ndipo akufuna kukabwereka njinga komweko. Zithunzi zimene aona zawachititsa mantha, chifukwa tauniyo yakhala pamwamba pa phiri. Akufunsa ngati anthu ozolowera kupalasa pamalo athyathyathya angakwanitse, njira yabwino ndi iti, ndiponso zoti aone.

Mayi, mungakwanitse, bola musiyanitse zinthu ziwiri zimene pa mapu zimaoneka ngati zofanana. Pali njira ya njanji yakale yotchedwa Vía Verde de la Sierra, imene mwana wanu angaipalase popanda vuto. Palinso misewu ya galimoto yolumikiza Olvera ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo imeneyi ndi yokwera ndi kutsika basi. Masiku anu muwakonze mozungulira njira yoyambayo.

Olvera ili m'chigawo cha Cádiz ku Andalucía, pamtunda wa mamita oposa 600 kuchokera pa nyanja, pakati pa minda ya maolivi. Vía Verde imayambira pa siteshoni yakale ya sitima kunsi kwa tauniyo n'kukathera ku Puerto Serrano, ulendo wa makilomita 36. Njanjiyi anayamba kuimanga m'zaka za m'ma 1920, mu ulamuliro wa Primo de Rivera, kuti ilumikize matauni a Jerez ndi Almargen. Anaboola mapiri, anamanga milatho ndi masiteshoni, koma sitima sinadutsepo n'kamodzi komwe. Zimene zinatsala ndi mphanga 30 zobooledwa m'mapiri, milatho italiitali 4 ndi masiteshoni 5: Olvera, Navalagrulla, Zaframagón, Coripe ndi Puerto Serrano. Pena pali phula, pena dothi lotsenderedwa bwino.

Popeza sitima siikwera chitunda chachikulu, njirayi imatsika pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi mamita 300 pa mtunda wonsewo. Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Kuchokera ku Olvera njinga imangoyenda yokha, miyendo siitopa, ndipo munthu amaganiza kuti ali ndi mphamvu zambiri. Amafika ku Puerto Serrano dzuwa lili paliwombo, n'kuzindikira kuti atsala ndi makilomita 36 ena okwera okhaokha, madzi atatha, mwana atatopa. Chikwezacho si chakuthwa ayi, koma sichipatsa mpata wopuma. Muziwerengera kuti ulendo wobwerera ukutengerani nthawi yopitira kuwonjezerapo theka lake.

Ndiye malangizo anga ndi akuti tsiku loyamba mukabwerere pa Zaframagón, pafupifupi makilomita 15 kuchokera ku Olvera, kuti zonse pamodzi zikhale 30. Ngati miyendo ikulola, pitirirani mpaka Coripe, makilomita ena 6 kapena 7. Mukafuna kumaliza njira yonse, gwirizanani ndi obwereketsa njinga dzulo lake kuti adzakutengeni pa galimoto ku Puerto Serrano, ndipo mutchule ola lenileni. Chakumapeto kumeneko kulinso timitunda tifupitifupi pamene njira imachoka pa mzere wa njanji, ndiye musadabwe mukafunika kusintha magiya.

Zaframagón si malo ongodutsa. Pali thanthwe lalikulu limene mtsinje wa Guadalporcún unalidula, ndipo m'maphompho ake mumaswana miimba yambiri, gulu limodzi mwa magulu aakulu kwambiri ku Andalucía konse. Mbalamezi zikatambasula mapiko zimapitirira mamita awiri ndi theka. M'mamawa simuziona zambiri m'mwamba, chifukwa zimadikira kuti dzuwa litenthe thanthwe, mpweya wofunda uyambe kukwera, ndipo pamenepo ndi pamene zimanyamuka n'kumazungulira osakupiza mapiko. Mukafike cha m'ma 10 kapena 11 koloko, mukaime pa mlatho woyandikana ndi thanthwelo. Mu siteshoni yakale muli chipinda choonera zisa kudzera pa makamera oikidwa pa thanthwe. Funsani maola ake musananyamuke. Pafupi ndi siteshoni ya Coripe, mukapatuka pang'ono, pali mtengo waukulu wotchedwa Chaparro de la Vega, wa zaka zoposa 200, wotetezedwa ndi boma. Mthunzi wake ndi malo abwino odyera kamba wanu. Mudzi wa Coripe weniweniwo uli pamtunda, kutali ndi siteshoni, ndipo sindikuona chifukwa choti mukwereko ndi mwana.

Za mphanga ndinene mwatsatanetsatane, chifukwa ngozi zazing'ono zambiri zimachitikira mmenemo. Yaitali kwambiri ndi Túnel del Castillo, mamita 990, mukangopitirira Coripe. Zazitalizo zili ndi magetsi oyaka okha, koma nthawi zina sayaka, kapena amazima muli pakati. Njinga iliyonse ikhale ndi tochi yoyera kutsogolo ndi kanyali kofiira kumbuyo, ndipo muziyatse musanalowe. Vulani magalasi adzuwa pakhomo, chepetsani liwiro, dikirani maso azolowere. M'kati mumadontha madzi, ndiye pansi pamakhala matope oterera ngakhale kunja kuli gwa. Mwana akhale pakati, wamkulu mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo. Ku Spain amayenda kumanja kwa msewu, mosiyana ndi ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, ndipo munthu akadzidzimuka mumdima thupi limathawira kumbali imene linazolowera. Mukumbutsane pakhomo pa mphanga iliyonse.

Chinanso chokhudza chizolowezi ndi mabuleki. Pa njinga zambiri za ku Spain dzanja lamanzere ndilo limagwira tayala lakutsogolo, pamene njinga za ku Britain zimakhala mosemphana. Musanakwere, kankhani njinga muli pansi, finyani mbali imodzi imodzi, muone tayala limene laima. Kufinya lakutsogolo mwamphamvu pa dothi ndiko kumagwetsa anthu chamutu.

Pobwereka, sankhani njinga ya matayala a mamilimita 35 mpaka 40 m'lifupi kapena kuposa, osati yampikisano ya matayala opyapyala. Mphepo ya m'matayala ikhale pafupifupi 3 bar pa geji ya pampu. Mukapopa kwambiri njinga imadumphadumpha pa timiyala ndipo manja amachita dzanzi. Tengani machubu awiri apadera, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala, ndi pampu. Yesani pampuyo pa vavu ya njinga yanu muli pomwepo, chifukwa mavavu alipo a mitundu iwiri, Presta ndi Schrader, ndipo pampu yosagwirizana ndi vavu ndi katundu wachabe. Tayala likaponcha, sisitani chala m'kati mwake mufufuze munga musanaike chubu chatsopano, apo ayi chiphwanso pakangopita mphindi zochepa. Chishalo chikhale pa msinkhu woti bondo lipinde pang'ono chabe pedulo ikafika pansi. Madzi, malita awiri pa munthu aliyense, ndipo mudzaze pa siteshoni iliyonse yotsegula, pakuti pakati pa masiteshoni musayembekezere mpopi.

Siteshoni ya Olvera ili kunsi, tauni ili pamwamba, ndipo msewu wolumikiza ziwirizi ndi wokwera koopsa. Mukatopa ndi makilomita 30, chitunda chimenechi ndicho chimaliritsa mwana. Bwerekani njinga pa siteshoni n'kuzibweza pomwepo. Palinso malo ogona, ena omangidwa ngati mabogi a sitima.

Tsiku lachiwiri ndi la mudzi wa Setenil de las Bodegas, pafupifupi makilomita 15 kudzera ku Torre Alháquime. Kumeneko nyumba anazimanga pansi pa matanthwe m'mbali mwa mtsinje wa Trejo, moti thanthwe ndilo denga. Misewu iwiri yoti muone ndi Cuevas del Sol ndi Cuevas de la Sombra. Mtunda ndi waufupi koma zitunda zilipo zenizeni, ndipo magalimoto amadutsa. Kwa banja lanu ndinganene kuti mupite pa galimoto. Akuluakulu okha angapite pa njinga zamagetsi, zimene zimathandiza mpaka liwiro la makilomita 25 pa ola. Batire limatha msanga pa chikweza, choncho mphamvu yaikulu muziisungira pokwera pokha. Pa njinga wamba, giya yotsikitsitsa ikhale yoti mano akutsogolo ndi akumbuyo afanane, monga 34 ndi 34, kapena yopepuka kuposa pamenepo. Msewu waukulu wa A-384 muupewe, uli ndi malole ndi magalimoto othamanga. Lamulo la ku Spain limafuna helemeti kwa aliyense kunja kwa tauni, ndipo kwa ana osakwana zaka 16 paliponse.

Ngati bambo ali ndi miyendo yolimba, pali Zahara de la Sierra, mudzi woyang'ana damu lalikulu, ndi chikweza cha Puerto de las Palomas chopita ku Grazalema, makilomita oposa 10 okhotakhota mpaka pamtunda wa mamita oposa 1,100. Amene anakwerapo kuchokera mu Zomba kupita ku Ku Chawe akudziwa mtundu wake wa ntchito. Potsika asagwiritse mabuleki nthawi yonse, chifukwa amatentha n'kusiya kugwira. Afinye mwamphamvu asanafike pokhota, n'kusiya. Atengenso jekete, Grazalema ndi amodzi mwa malo amvula kwambiri mu Spain. Mwana asapiteko.

Olvera yeniyeniyo muiyende pansi tsiku lachitatu. Pamwamba pali linga la Aluya limene mfumu Alfonso XI inalanda mu 1327, ndipo masitepe ake ndi opapatiza, ofuna nsapato zogwira. Pambali pake pali tchalitchi cha Nuestra Señora de la Encarnación cha nsanja ziwiri, chomangidwa m'zaka za m'ma 1800, ndi nyumba ya La Cilla yosungiramo mbiri ya tauniyo. Makilomita awiri kunja kuli kachisi wa Nuestra Señora de los Remedios, kumene anthu amasonkhana Lolemba lachiwiri pambuyo pa Pasaka, mwambo umene unayamba mu 1715 pothokoza mvula itagwa pambuyo pa chilala. Ulendo wanu ukagwera masiku amenewo, sungitsani malo ogona msanga.

Miyezi yabwino ndi Malichi mpaka Meyi, ndiponso Okutobala ndi Novembala. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumafika madigiri 40. Ngati tchuthi chanu chili pamenepo, nyamukani 7 koloko dzuwa likutuluka, mukhale mutabwerera pofika 11. Mashopu ambiri amatseka kuyambira 2 mpaka 5 koloko masana, makhitchini a malo odyera amatseka cha m'ma 4 mpaka 8 madzulo, ndipo malo ambiri oonera zakale satsegula Lolemba. Mvula yamphamvu ikagwa, dothi limagumukira pa njira ndipo mbali zina amazitseka, choncho funsani a Fundación Vía Verde de la Sierra, bungwe loyang'anira njirayi, sabata yoti munyamuke. Nambala yangozi ndi 112, ndipo pa makomo a mphanga ndi m'mbali mwa njira pali zikwangwani zokuthandizani kufotokoza pamene muli.