Kodi masamu akudzatani mu selo?

Wophunzira wina wa biology wanditumizira imelo. Akuti pasukulu pawo pakuyamba maseminala a mmene masamu amafotokozera momwe selo imadzilamulira ndiponso momwe imalandirira uthenga. "Ine ndinathawira ku biology chifukwa masamu amandizunguza mutu," akutero. "Ndipiteko, kapena ndikangotaya nthawi?"

Pitani ndithu, mnzanga.

M'mabuku anu mwadzaza zithunzi za mivi: jini (kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni) iyi imayatsa iyo, puloteni iyi imatseka ija. Mu 1961 François Jacob ndi Jacques Monod, ku Paris, anaonetsa kuti bakiteriya wa E. coli amapanga maenzaimu ogaya shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akapezeka. Akasowa, puloteni ina imakhala pa DNA n'kutseka njira yopangira maenzaimuwo. Chithunzicho n'choona, koma sichinena kuti mapuloteni otsekawo ndi angati. Mu selo imodzi amangokhalamo pafupifupi khumi! Zinthu zikachepa chonchi, mwayi umalowererapo. Mu 2002 Michael Elowitz ndi anzake anaika mu E. coli majini awiri olamulidwa mofanana, opanga mapuloteni owala mitundu iwiri. Maselo a mtundu umodzi, odya chimodzi, anawala mosiyana: ina yapendekera uku, ina uko. Muvi sungakuuzeni zimenezo.

Chitsanzo chimene ine chimandikomera ndi cha mu 2000. Elowitz yemweyo ndi Stanislas Leibler analumikiza majini atatu: yoyamba itseke yachiwiri, yachiwiri itseke yachitatu, yachitatu ibwerere kukatseka yoyamba. Jambulani papepala, muyang'anitsitse. Kodi zidzakhazikika malo amodzi, kapena zizingosinthana? Mutha kuyang'ana mpaka maso atafiira, yankho silituluka. Masamu ndi amene anawauza kuti kusinthanako kumafuna kutseka kwamphamvu, komanso mapuloteni osachedwa kuwonongeka. Anawakonza motero, n'kuikamo puloteni yowala yoonetsa kusinthanako, ndipo maselo anayamba kuwala n'kuzima, kuwala n'kuzima, pafupifupi maola awiri ndi theka ulendo uliwonse. Wotchiyo sinali yolondola kwenikweni, koma inayenda.

Za uthenga ndingokhudzako pang'ono. Claude Shannon mu 1948 anatipatsa muyeso wake, bit, womwe ndi yankho limodzi la eya kapena ayi. Mu 2011 ofufuza a ku Johns Hopkins anayeza njira imene selo imamvera chizindikiro cha TNF, puloteni imene maselo a m'thupi amatumizirana polimbana ndi matenda, napeza kuti selo imodzi imatolapo bit imodzi yosakwana bwinobwino. Imadziwa kuti chizindikiro chilipo kapena palibe, koma kuchuluka kwake imangolota. Ndinadabwa nditamva koyamba, poti timaikweza kwambiri selo.

Nanga masamu ofunika ndi ochuluka bwanji? Poyambira, ganizirani ndowa yobooka imene mukuthiramo madzi. Madzi amakwera mpaka otuluka afanane ndi olowa. Puloteni mu selo imachitanso chimodzimodzi: imapangidwa, imawonongeka. Ma equation ambiri amene mukaone pa bolodi ndi ndowa zotere zolumikizana. Lembani imodzi pa Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, mizere khumi yokha, musinthe nambala imodzi muone chimene chichitike.

Chondinyansa pa maseminala otere ndi wolankhula amene amadzaza bolodi ndi manambala makumi atatu, ayezapo atatu okha, enawo wangowakonza kuti mzere wake udutse pa data. Mukamuona wotere musachite naye mantha. Kwezani dzanja mufunse kuti, "Nambala iyi munaiyeza, kapena munangoisankha?" Pamenepo inu a biology ndi amene mumadziwa zimene zingayezeke mu labu.