Kodi chigawenga chimene chasanduka mboni ya boma chimakhala moyo wotani?

Mayi wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndalifupikitsa motere: "Ndimamva kuti m'mayiko ena munthu wa m'gulu la zigawenga, ngakhale wopha anthu, akavomera kuperekera umboni anzake amachepetseredwa chilango, kenako boma limamupatsa dzina latsopano ndi nyumba. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Nanga munthu wotereyo amakhaladi pamtendere?"

Mayi, zimene mwamvazo ndi zoona, koma ndikupempheni kuti tiyambe taona chifukwa chimene boma limalowera m'pangano lowawa chotere. Magulu a zigawenga monga Cosa Nostra, Mafia ya ku Sicily m'dziko la Italy, ndi magulu a Mafia a ku New York, amene amatchedwa "mabanja", anakonzedwa mwakuti mtsogoleri sagwira mfuti ndipo salemba kanthu papepala. Iye amangouza womutsatira, ameneyo n'kuuza wina, mpaka mawuwo afike kwa mnyamata amene akawombere munthu, ndipo aliyense wa iwo analumbira tsiku lolowa m'gulu kuti akadzaulula chinsinsi adzaphedwa. Apolisi angathe kugwira wowomberayo, koma munthu amene angaime m'bwalo la milandu ndi kunena kuti analipo pamene lamulo linkaperekedwa ndi yekhayo amene manja ake alinso ndi magazi. Mboni yoyera mtima pa milandu imeneyi imasowa, chifukwa anthu oyera mtima saitanidwa ku misonkhano yokonza zopha anthu.

Ku America, Joseph Valachi wa m'banja la Genovese anaima pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate mu 1963 ndi kufotokoza poyera mmene gululo limayendera. Iye sanatulukenso m'ndende mpaka imfa yake mu 1971. Lamulo la mu 1970 ndi limene linatsegula njira ya ndondomeko yoteteza mboni yotchedwa WITSEC, imene loya wa boma Gerald Shur anailimbikira kwambiri ndipo imayendetsedwa ndi nthambi ya US Marshals. Nthambiyi imanena kuti kuyambira mu 1971 yateteza anthu oposa 19,000, kuphatikizapo mabanja a mbonizo, ndipo palibe amene anaphedwa mwa iwo amene anatsatira malamulo ake. Kuvuta kwa moyo umenewu kwagona m'malamulowo. Ambiri amayamba akhala m'ndende, m'zigawo zopatulidwa kwa akaidi ena, ndipo akatuluka amawasamutsira ku tauni imene sadziwako munthu, ali ndi dzina lina ndi ziphaso zina. Saloledwa kubwerera kwawo kapena kulankhula ndi abale ndi anzawo akale mwa njira ina iliyonse kupatula imene oteteza akonza, ndipo mayi wake akamwalira sangangonyamuka kupita kumaliro, chifukwa adani amadziwa kuti kumanda ndi kumene angamupeze. Ndalama zothandizira zimaperekedwa kwa kanthawi, kenako munthu amene anazolowera kuopedwa ndi kuwononga ndalama zambiri ayenera kufunafuna ntchito wamba alibe mbiri ya ntchito imene angaonetse. Mkazi ndi ana, amene mwina sanalakwe kanthu, ayenera kuphunzira kunama tsiku ndi tsiku za kumene anachokera.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Tommaso Buscetta, chigawenga cha Cosa Nostra cha ku Palermo, likulu la Sicily. Pa nkhondo ya pakati pa magulu a Mafia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, gulu la ku Corleone lotsogoleredwa ndi Salvatore Riina linayamba kupha abale ake, ndipo ana ake aamuna awiri anasowa mu 1982 osaonekanso. Buscetta anagwidwa ku Brazil mu 1983, anayesa kudzipha ndi poizoni, ndipo atabwezedwa ku Italy mu 1984 anayamba kulankhula ndi woweruza wofufuza milandu Giovanni Falcone. Chimene anapereka chinaposa mayina a anthu, chifukwa anafotokoza kuti gululo lili ndi komiti ya akuluakulu imene imavomereza kuphedwa kwa anthu ofunika, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inatheketsa kuti atsogoleri aimbidwe milandu ya imfa zimene sanazichite ndi manja awo. Pa mlandu waukulu wa ku Palermo, umene unayamba mu 1986 ndi kutha mu Disembala 1987, anthu 475 anaimbidwa milandu, oposa 300 anapezeka olakwa, ndipo 19 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Koma Buscetta atangoyamba kuulula, mlamu wake anawomberedwa mu Disembala 1984. Mwezi womwewo anaphanso Leonardo Vitale, amene anadzipereka yekha kwa apolisi mu 1973 ndi kuulula zambiri zofanana, koma m'malo momukhulupirira anamuyesa wamisala ndi kumutsekera. Buscetta anakhala zaka zake zotsala mobisala, makamaka ku America, ndipo anamwalira ndi khansa m'chaka cha 2000 akudziwika ndi dzina losakhala lake.

Boma lingabise mboni, koma silingabise fuko lonse, ndipo zigawenga zimadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ku Italy kwakhala akazi ndi abale amene akana mwamuna kapena mchimwene wawo poyera pamaso pa atolankhani, pofuna kuti iwo ndi ana awo asiyidwe amoyo. Santino Di Matteo, chigawenga china cha Cosa Nostra, atayamba kuulula za kuphedwa kwa Falcone, amene gululo linamupha mu 1992, mwana wake wa zaka 12 anabedwa mu Novembala 1993, anasungidwa masiku 779, kenako anaphedwa mu Januwale 1996 ndipo thupi lake analisungunula mu asidi. Ena anganene kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo kwa bambo amene analowa m'gulu mwa kufuna kwake mawuwa ndi oona, koma mwana uja sanasankhe kanthu.

Tsopano tifike pa chilungamo, pamene sindikufuna kukubisirani zowawa. Salvatore Gravano, wachiwiri kwa John Gotti, mtsogoleri wa banja la Mafia la Gambino ku New York, anavomera kuti anatenga mbali pa kupha anthu 19. Umboni wake unathandiza kuti Gotti apezeke wolakwa mu 1992 ndi kutsekeredwa moyo wake wonse, pamene Gravano anapatsidwa zaka 5 zokha. Anachoka m'ndondomeko yotetezedwa, ndipo mu 2000 anamangidwanso ku Arizona chifukwa cha malonda a mankhwala osokoneza bongo, n'kukhala m'ndende mpaka 2017. Kwa abale a anthu 19 aja, palibe mawu amene angachititse zaka 5 kuoneka zokwanira, ndipo ine sindiyesa kuwapeza. Nkhani ya Giovanni Brusca ndi yolemera kuposa pamenepa. Iyeyu ndi amene anaphulitsa bomba limene linapha Falcone, mkazi wake ndi apolisi atatu ku Capaci pa 23 Meyi 1992, ndiponso ndi amene analamula kuti mwana wa Di Matteo aphedwe. Atagwidwa mu 1996 anasanduka mboni ya boma, ndipo anatuluka m'ndende mu 2021 atakhalamo zaka 25. Mlongo wake wa Falcone, Maria, ananena pa nthawiyo kuti nkhaniyo inamupweteka mumtima, koma linali lamulo limene mchimwene wake anafuna, ndipo liyenera kulemekezedwa.

Maganizo anga ali pafupi ndi a Maria Falcone. Sindikhulupirira kuti ambiri mwa anthuwa amaulula chifukwa cha kulapa. Ena amaopa kuphedwa ndi anzawo, ena akubwezera imfa za abale awo, ndipo ena sakufuna kufera m'ndende. Boma siligula mtima wawo, limagula zimene akudziwa, ndipo limalipira ndi zaka za chilango zimene anthu oferedwa anali ndi ufulu woziyembekezera. Komabe dziko likakana panganoli, wowombera yekha ndi amene amalangidwa, pamene womutumayo amatsala panja ndi kupeza mnyamata wina mawa lake. Pakati pa zowawa ziwirizi, ine ndimasankha yoyambayo, ngakhale ndikudziwa kuti amene amaisenza si ine.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa kufupika kwa chilango ndi bodza, chifukwa munthu amene ufulu wake wadalira pa kutchula mayina angathe kutchula ndi osalakwa omwe. Enzo Tortora, muulutsi wotchuka wa pa wailesi yakanema ku Italy, anamangidwa mu 1983 chifukwa cha mawu a mamembala a gulu la zigawenga la Camorra amene anasanduka mboni. Anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 mu 1985, bwalo la apilo linamupeza wosalakwa mu 1986, ndipo anamwalira mu 1988 thanzi lake litawonongeka. Falcone ankalimbikira kuti zonena za mboni yotere zifufuzidwe chimodzichimodzi ndi kutsimikiziridwa ndi umboni wina, monga kayendedwe ka ndalama m'mabanki, zisanagwiritsidwe ntchito pomanga munthu. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo loteteza mboni zimenezi mu 1991, ndipo mu 2001 linalikhwimitsa polamula kuti munthu aulule zonse zikuluzikulu zimene akudziwa m'masiku 180, komanso kuti akhale kaye m'ndende gawo lina la chilango chake asanayambe kupepukiridwa. Cholinga chinali kuletsa mchitidwe woulula pang'onopang'ono pofuna kupempha zambiri, ndipo amene wapezeka kuti wanama kapena wabwereranso ku uchigawenga angathe kulandidwa chitetezo ndi zonse zimene analonjezedwa.