Intaneti ya pakhomo ikumakwawa madzulo, kodi ndisinthe kampani?

Mu email mwalowa funso lochokera kwa achimwene ena okhala ku Salima, chakufupi ndi pa Kamuzu Road. Ndalifupikitsa koma nkhani yake ndi iyi: anagula rauta ya 4G chaka chatha, amaika bandulo ya pamwezi, poyamba zinkayenda bwinobwino koma pano ikangokwana 6 koloko madzulo mpaka cha m'ma 10 usiku intaneti imangozungulira. Alamu athu akuphunzira pa intaneti ndipo makalasi awo a pa Zoom amakhala madzulo omwewo, ndiye mawu amadukaduka, nthawi zina kutulutsidwiratu mkalasi. Funso lawo nlakuti, "ndiisiye kampani imeneyi ndipite ina, kapena ndingolimba mtima ndisunge ndalama ndigule Starlink?"

Achimwene, ine ndikuti musasinthe kaye. Sikuti ndikuikira kumbuyo kampani yanuyo ayi, mwina mapeto ake mudzasinthadi, koma anthu ambiri amathamangira kugula rauta ina ndi bandulo ina asanadziwe pomwe pagona vuto, kenako nkupeza kuti kwatsopanoko nakonso madzulo nchimodzimodzi, ndalama zapita ndipo alamu akuphonyabe kalasi. Zimandiwawa chifukwa ndalama ya data kuno kwathu siyotola, munthu umachita kudula bajeti ya ndiwo kuti uigule.

Mu kalata yanu muli kale chizindikiro chachikulu, ndicho nthawi. Mwati masana ilibe vuto kwenikweni koma madzulo ndiye imafa. Rauta yowonongeka siiyang'ana wotchi, ikanavuta tsiku lonse. Zikamachitika pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, kawirikawiri ndiye kuti tawala yomwe rauta yanu imakokako yadzaza. Rauta ya 4G ija ngakhale timaitcha intaneti ya pakhomo, ilibe chingwe chakechake, imagwiritsa ntchito tawala yomweyo yomwe mafoni onse a mdera lanu akugwiritsa ntchito. Zili ngati mjigo wa pamudzi, mukapita mbandakucha mumatunga mwachangu nkubwerako, koma nthawi yomwe aliyense wabwera ndi zidebe zake mjigo ndi womwewo, madzi akutuluka chimodzimodzi, koma mzere ndiye wautali. Madzulo anthu aweruka, ophunzira abwera, wina ali pa TikTok wina pa Facebook wina akuonera mpira pa foni, ndipo pamalo ngati Kamuzu Road pomwe pamakhala chipwirikiti cha anthu amalonda ndi apaulendo, tawala imodzi imanyamula mafoni ochuluka zedi. Chomwe chimasokoneza anthu nchakuti timizere ta netiweki timakhala todzaza, onse anayi kapena asanu. Timizere tija timangokuuzani kuti mukuimva bwino tawala, sitikuuzani kuti pa tawalapo mulipo angati.

Onjezeraninso nkhani ya magetsi. Akazima, matawala amayendera mabatire kapena jenereta, ndipo tawala ina ikathima chifukwa mabatire atha kapena mafuta palibe, mafoni onse a kumeneko amasamukira pa tawala yoyandikira yomwe ikadali moyo. Nthawi yomweyonso ma TV azima m'makomo ndiye aliyense watenga foni. Ndiye muyambe kuonetsetsa ngati masiku oipitsitsawo sakugwirizana ndi masiku a blackout.

Chomwe ndikufuna muchite ndi ichi, ndipo chikufunika kope ndi cholembera basi. Kwa sabata imodzi muziyeza liwiro katatu pa tsiku, mbandakucha cha m'ma 5, masana, ndi 8 koloko usiku. Tsegulani fast.com kapena app ya Speedtest, mutaima pafupi ndi rauta, ena onse atachoka kaye pa Wi-Fi. Dziwani kuti kuyezako kumadya data, ndiye osamangobwerezabwereza. Mulembe manambala atatu, download (liwiro lolandirira), upload (liwiro lotumizira) ndi ping (nthawi yomwe uthenga umatenga kupita nkubwerera, imayezedwa mu ms). Ambiri amangoyang'ana download koma kwa alamu upload ndiyofunikanso kwambiri chifukwa pa Zoom iwonso amatumiza mawu ndi chithunzi chawo. Zoom siifuna zambiri, 3 kapena 4 Mbps mbali zonse ziwiri imakwana bwinobwino, chomwe imadana nacho ndi intaneti yosakhazikika, yoti pano yathamanga pano yaima. Ping ikakhala pansi pa 100 ms zili bwino, ikamafika m'ma 300 kupita mtsogolo ndi pomwe mumayamba kulankhulana modutsana. Komanso musasokoneze Mbps ndi MB, 8 Mbps imatanthauza MB imodzi pa sekondi, choncho musadabwe kuona foni ikukopera chinthu pa 1 MB pomwe fast.com yanena 8.

Ngati mbandakucha mukupeza mwina 20 Mbps koma usiku 1 kapena kuchepera apo, basi ndi tawala yadzaza, rauta yanu ilibe mlandu. Ngati ili pansi nthawi zonse, usiku ndi usana, yang'anani kaye mnyumba mwanumo.

Ndipo mnyumba mumabisala zambiri. Choyamba pasiwedi. Munapatsa angati? Mwana anapatsa mnzake, mnzakeyo anapatsa mkulu wake, mafoni a masiku ano amagawana pasiwedi ndi QR code mosavuta, mapeto ake mukulipirira theka la mzere wa nyumba. Tembenuzani rauta, pansi pake pamakhala kapepala kolemba adiresi yolowera, ma rauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, mukalowa muona zipangizo zonse zomwe zalumikizidwa. Sinthani pasiwedi lero lomwe. Kenako pali zinthu zomwe zimadya mwakachetechete: foni ikangoona Wi-Fi imayamba kuchita update ma app, zithunzi zimayamba kukwera ku Google Photos, WhatsApp imakopera yokha mavidiyo a m'magulu a kutchalitchi ndi a maliro ndi a banki mkhonde, laputopu ya Windows nayo imakoka ma update olemera osakufunsani. Pa Windows pali poti metered connection, mukayatsa pamenepo imadziletsa.

Pomwe mwaika rauta napo mpofunika. Ambiri timaibisa pansi pa TV kapena mkabati poopa ana ndi akuba, pakati pa nyumba ya njerwa zootcha ndi denga la malata, ndipo malata amatchinga siginolo kwambiri. Ikwezeni pamwamba pafupi ndi zenera loyang'ana komwe kuli tawala. Mu peji ya rauta ija mumapezeka nambala yotchedwa RSRP yoonetsa mphamvu ya siginolo, imakhala ndi minus kutsogolo: cha m'ma -80 ndi yabwino, -100 yayamba kufooka, -110 kupita mmunsi ndiye mavuto. Yendani nayo rauta zenera ndi zenera mukuyang'ana nambala imeneyo, mudabwa kusiyana kwake m'nyumba imodzi yomweyo. Kungoti osaisiya padzuwa, kutentha kwa ku Salima mu October mukukudziwa, rauta ikatentha kwambiri imayamba kuchedwa kapena kuzima nkuyaka yokha. Ngati siginolo ndi yofooka paliponse, ma rauta ena ali ndi polumikizira antena ya panja yoika pamlongoti, imathandiza ndithu, koma mupeze munthu wodziwa akuikireni chifukwa cha ziphaliwali nthawi ya dzinja. Antena imakonza siginolo yofooka, siichotsa anthu pa tawala yodzaza, ndiye musaigule musanaone manambala anu.

China chomwe simunanene ndi mtundu wa bandulo. Ngati ndi zija amati unlimited, funsani bwinobwino za fair usage, chifukwa mabandulo ambiri otere mukafika ma GB enaake amakutsitsirani liwiro mpaka mwezi uthe. Chizindikiro chake nchakuti kumayambiriro kwa bandulo imathamanga, chakumapeto imakwawa nthawi ina iliyonse ngakhale pakati pa usiku.

Palinso masiku ena omwe vuto silili kwa inu kapena pa tawala. Dziko lathu silinagundane ndi nyanja ya mchere, intaneti yathu imabwera pa zingwe za faiba kudutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a chigawo chino kuphatikizapo Malawi. Mkati mwa dziko momwemuno faiba imadulidwanso ndi akuba, okumba misewu, ngakhale madzi osefukira. Zoterezi zimabwera mwadzidzidzi nkutha, sizikhala za 6 koloko tsiku lililonse, ndiye sindikuganiza kuti ndi nkhani yanu, koma musadzasinthe kampani chifukwa cha masiku awiri oipa.

Tsopano tinene kuti mwayeza ndipo zaoneka kuti ndi tawala. Apa kusintha kukhoza kuthandizadi, popeza kampani inayo mwina mdera lanu ili ndi makasitomala ochepa kapena zida zatsopano. Koma mwinanso ayi. Kwa ife a m'maboma, zisankho zenizeni za 4G ndi Airtel ndi TNM, faiba yolowa mpaka mnyumba imapezeka makamaka m'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre. Ndipo funso loti yabwino ndi iti pa ziwirizi lilibe yankho limodzi la dziko lonse, ngakhale la Salima yense. Yomwe ikuthamanga ku Senga Bay ikhoza kukhala yofooka ku Chipoka, ya bwino pa boma ku Nkhotakota ikhoza kuvuta ku Dwangwa, ngakhale nyumba ziwiri zoyang'anizana zimatha kukoka pa matawala osiyana. Ndiye zomwe akuuzani anzanu a ku Area 25 kapena zomwe zalembedwa pa chikwangwani cha mumsewu musazitengere pamtima. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mukagule SIM ya kampani inayo nkuilembetsa, muikemo ka bandulo ka tsiku limodzi kapena ka sabata, muyeze pa zenera lomwelo nthawi zomwezo, makamaka 8 koloko usiku uja. Kuposa apo, alamu alowe kalasi imodzi yathunthu pa SIM yatsopanoyo kudzera pa hotspot ya foni. Kalasi ikatha osaduka, mwapeza yankho ndi ndalama yochepa kwambiri.

Ma rauta ambiri ogulidwa ku kampani amakhala okhomedwa kuti azilandira SIM yawo yokha, ndiye yesani kuikamo SIM inayo muone ngati ikuvomera musanawerengere ndalama zosinthira. Ikakana, ndipo mwaganiza zogula ina, gulani yosakhoma kuti mawa zinthu zikatembenuka mungosintha SIM basi. Zimatembenukadi, inu nomwe mwanena kuti chaka chatha zinali bwino. Ndipo dikirani bandulo yomwe ilipoyi ithe kaye.

Za Starlink. Inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, imakoka kuchokera ku ma satellite omwe amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 kumwamba, choncho kudzaza kwa tawala ya pa Kamuzu Road sikuikhudza. Liwiro lake ndi labwino, pamenepo sindikutsutsa. Koma muwerengere zonse. Pali ndalama yogulira zida yomwe ndi yambiri, pali ya mwezi ndi mwezi, ndipo zinthu zochokera kunja mitengo yake imayendera kwacha, yomwe mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mufunsenso kaye ngati khadi lanu la kubanki lizitha kulipira mwezi uliwonse popanda chovuta. Pali magetsi: mbale yake ya standard imadya mawati pakati pa 50 ndi 100, pomwe ka rauta ka 4G kamayenda ndi kabatire kakang'ono kwa maola angapo, ndiye magetsi akazima mufunika inverter kapena sola yokwanira. Imafunanso thambo loonekera bwino, ngati nyumba yazunguliridwa ndi mitengo ya mango izidukaduka, ndipo chimvula champhamvu chimaisokoneza kwa kanthawi. Kwa mwini loji ku Senga Bay, kapena ofesi ya anthu ambiri, kapena munthu amene malipiro ake onse amachokera pa intaneti, ndinganene kuti gulani. Kwa banja lomwe vuto lake ndi kalasi ya maola awiri madzulo, ine ndikuona kuti ndi katundu wolemera, yesani kaye za SIM yachiwiri zija.

Musasiyenso kudandaula. Ambiri timangong'ung'udza pa Facebook koma osakanena komwe kukufunika. Imbani ku customer care kapena pitani ku shopu yawo ndi kope lanu lija, muwauze dera, masiku, nthawi ndi manambala, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu muisunge. Munthu wobwera ndi manambala a sabata yonse savuta kumumvetsa kusiyana ndi wongoti netiweki ikuvuta. Muuze ndi aneba achite chimodzimodzi popeza madandaulo ambiri ochokera dera limodzi ndi omwe amaonetsa kuti tawala ikufunika kuwonjezera mphamvu. Akapanda kukuthandizani pitani nalo ku MACRA, ndi bungwe lomwe limayang'anira makampani amenewa ndipo limalandira madandaulo a ife ogula.

Pakadali pano kuti alamu asaphonye kalasi ya sabata ino: nthawi ya kalasi ana achoke pa Wi-Fi kapena YouTube aitsitse pa 360p, alamu azimitse kamera yawo ngati aphunzitsi akulola, akhale pafupi ndi rauta kapena alumikize laputopu ndi chingwe ngati rauta ili ndi polowetsa, ndipo manotsi ndi mavidiyo a kusukulu azikopera mbandakucha. Mukamaliza sabata yoyezayo munditumizire manambala a liwiro la ma SIM onse awiri ndi RSRP yomwe mwapeza, komanso dzina la rauta yanu, tidzaonere limodzi ngati mukufunika antena, SIM ina kapena zonse ziwiri.