Mnyamata wochokera ku Malawi ndi timu ya sukulu ku Indiana

Mayi wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, wafunsa izi: mwana wake wa zaka 17 wamaliza Fomu 2 ku Malawi ndipo akubwera kudzakhala naye. Mpira amautha kwabasi. Kodi akangofika angalowe timu ya sukulu?

Mayi, n'zotheka, koma luso lokha silimulowetsa m'bwalo. Ku America masewera a m'sukulu za sekondale sayendetsedwa ndi boma la ku Washington. Chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake. Kwanuko ndi IHSAA, lomwe linayamba mu 1903, ndipo mamembala ake ndi sukulu zomwezo. Ku Texas kuli UIL, ku California kuli CIF. Bungwe la dziko lonse, NFHS, lomwe likulu lake lili ku Indianapolis, limalemba malamulo a kaseweredwe, koma zonena kuti mwana uyu asewere kapena ayi zimagamulidwa m'chigawo. Ndiye zimene akuuzani achibale a ku Dallas, ku Texas, musazitenge ngati lamulo la kwanu. Ngakhale nyengo imasiyana: ku Indiana mpira wamiyendo umayamba mu Ogasiti, ku Texas mipikisano imayamba mu Januwale.

Pa msinkhu mwana wanu ali bwino. Ku Indiana amaletsa amene adzakhale atakwanitsa zaka 20 pofika tsiku la fainolo ya chigawo, pomwe ku Texas wokwanitsa 19 pofika 1 Seputembala watuluka kale.

Pamene ndikufuna mutchere khutu ndi apa. Mwana amapatsidwa masemesita 8 otsatizana, kutanthauza zaka 4, kuyambira pamene walowa giredi 9. Fomu 1 yathu imafanana ndi giredi 9, choncho yembekezerani kuti zaka ziwiri za ku Malawi zija ziwerengedwa. Makolo ambiri amakonda kubweza mwana kalasi kuti azolowere Chingerezi cha kumeneko. Pa maphunziro nzeru imeneyi si yoipa, ndipo nthawi zina ine ndimailimbikitsa. Koma zaka zosewera sizibwerera naye m'mbuyo. Mukamuyambitsa giredi 10 m'malo mwa giredi 11, akhoza kudzafika giredi 12, kalasi yomaliza ya sekondale, nthawi yake itatha, n'kumaonerera anzake ali kunja kwa bwalo m'chaka chimene makochi a m'makoleji amafuna kumuona.

Choncho musanasankhe kalasi, kaonaneni ndi mkulu woyang'anira masewera pasukulupo, amene amati athletic director. Ndiye amene amatumiza mafomu a mwana wosamuka ku IHSAA. Mutenge malipoti a Fomu 1 ndi Fomu 2 okhala ndi chidindo cha sukulu, pasipoti, ndi umboni woti akukhala pakhomo panu. Malipotiwo atengedwe mwana asanakwere ndege, chifukwa kuwalondola pa foni muli kutali n'kovuta. Adzafunikanso kupimidwa ndi dokotala asanayambe tirening'i.

Akalowa, m'kalasi asagone. IHSAA imafuna kuti azikhoza maphunziro osachepera 70 peresenti ya amene angathe kutenga, apo ayi jezi amavula.

Za sikolashipu ndinene mosabisa. NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ambiri ku America, nayo imanena kuti pafupifupi 2 pa osewera 100 alionse a kusekondale ndiwo amapeza thandizo la ndalama chifukwa cha masewera. Kuti asewere mu Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji, afunika maphunziro 16 ovomerezeka a kusekondale ndi GPA (avareji ya magiredi ake) yosachepera 2.3, ndipo NCAA Eligibility Center, ofesi younika ngati wosewera ndi woyenerera, idzafuna kuonanso malipoti a ku Malawi aja. Sungani makope awiri.